Ana athu atsegule makompyuta aone m'kati

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndifotokoze zomwe zinachitika pa tebulo lodyera la kunyumba kwanga Loweruka lina mwezi wa Okutobala. Chiyambire tsikulo pali nkhani ya sukulu zathu yomwe ikundisowetsa tulo.

Ndine mphunzitsi wopuma. Ndinagwira choko zaka zambiri m'sukulu za pulayimale za m'boma la Dowa, ndipo nditapuma ndinatsegula kamalo kotayipira ndi kupulinta pakhonde panga kuno ku Mponela. Anthu amabwera ndi makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, ndondomeko za maliro, malipoti a chuma cha mpingo. Kompyuta yomwe ndinayamba nayo inali ya kaunjika, zija zimachokera m'maofesi a kunja zikatha ntchito kumeneko. Inanditumikira, sindingainyoze. Koma tsiku lina magetsi anathima n'kubwerera ndi ukali, ndinangomva kuti thi, kenako kafungo ka waya wopserera kanadzaza pakhonde.

Mnyamata wokonza anandiuza kuti yapsa ndi power supply, kabokosi kaja kolandira magetsi a pakhoma n'kuwagawira zida za m'kati. Ndinati tigule ina. Iye anapukusa mutu. Makompyuta ambiri a m'maofesiwa anapangidwa ndi power supply ya mtundu wawowawo, kaonekedwe kake ndi mawaya ake, moti ya wamba siilowa. Ndinapita ku Lilongwe kawiri, kulowa shopu iyi, kutuluka, kulowa iyo, osaipeza. Kompyuta yonse inafa chifukwa cha chiwalo chimodzi, ndipo makasitomala anga anayamba kudutsa pakhomo akungopereka moni.

Ndinadandaulira mphwanga yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg. Iye anangoti, "Amalume, bwanji osangomanga yanu?"

Ndinaseka. "Iwe, ukuyesa kompyuta ndi njinga?"

"Ndi njinga ndithu, amalume. Inu munkamanga wilo la masipoko 36 ine ndikuonerera. Zida za kompyuta sizikwana n'khumi zomwe."

Anandigwira pamenepo, chifukwa njinga zanga zonse ndinkamanga ndekha. Tinayamba kuwerenga. Pali purosesa, yomwe imagwira ntchito yoganiza. Pali motherboard, chibolodi chomwe zida zonse zimakhalapo. Pali power supply ija, pali chibokosi. Zinandivuta kumvetsa ndi ziwiri, RAM ndi SSD, chifukwa zonse amaziyeza ndi ma GB. Ndinazimvetsa nditaona akunyumba akupeta. SSD ndi nkhokwe, RAM ndi lichero. Chimanga chimakhala m'nkhokwe, koma chomwe mukupeta panopo chili m'lichero. Lichero likachepa mumangoyendera kunkhokwe, ntchito n'kumachedwa. Ndipo magetsi akathima lichero limakhuthuka, za m'nkhokwe zokha ndi zomwe zimatsala. N'chifukwa chake kalata yomwe simunaisunge imasowa.

Ndinene mosabisa kuti ntchito yovuta siinali yomanga ayi. Inali yosankha. Zidazi zili ngati anthu, zimakwatirana ndi za mtundu wake. Purosesa ya Intel siingakhale pa motherboard ya AMD, ndipo ngakhale pa kampani imodzi yomweyo mipando yokhazikapo purosesa pa motherboard imasiyana malinga ndi zaka. AMD ili ndi mpando wotchedwa AM4 womwe unayamba mu 2016, ndi wina watsopano wa AM5 wa mu 2022. Watsopanowu umalandira RAM ya DDR5 yokha, pomwe wakalewo umafuna DDR4. Ife tinasankha wakale chifukwa cha thumba. Purosesa tinatenga Ryzen 5 5600G, ndipo mphwanga anandiuza kuti ndigwiritse chilembo cha G chimenecho ngati chikwama cha ndalama m'basi. G akutanthauza kuti purosesayo imatha yokha kutulutsa zithunzi pa sikirini. Ilipo ina yotchedwa 5600 chabe, yopanda G, yomwe imafuna kuti mugulenso graphics card, chida chapadera chotulutsira zithunzi, apo ayi sikirini imangokhala bii. Ku Intel chilembo chochenjera nacho ndi F: ikakhala ndi F kumapeto, ilibe zotulutsira zithunzi. Chilembo chimodzi chikhoza kukulizani. Panalinso china. Motherboard yathu ndi ya mtundu wa B550, womwe unatuluka mu 2020, pomwe purosesayo inadza mu 2021. Motherboard yomwe yagona nthawi yaitali pashelefu ikhoza kusaizindikira purosesa yobadwa pambuyo pake mpaka BIOS yake, kapulogalamu ka m'kati mwa motherboard koizindikiritsa zida, itakonzedwa kukhala yatsopano. Mphwanga anakakamira kuti a m'shopu atsimikize zimenezi asanalipire. Safunsa anadya phula.

Wina asanamizidwe kuti kumanga wekha n'kotchipa kuposa kugula ya kaunjika. Sizili choncho. Zida zatsopano zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo tonse tikukumbukira momwe Kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndinagulitsa matumba a soya ndi mbuzi ziwiri, mphwanga n'kuwonjezerapo. Chomwe ndinagula ndi ndalama yoonjezerayo ndi mtendere wa mumtima. Zida za wamba zimatsata muyezo umodzi wotchedwa ATX, womwe Intel anaukhazikitsa mu 1995, moti power supply ikadzapsanso ndidzangogula ina ya kampani iliyonse n'kuikamo. Sindidzatayanso ng'ombe yonse chifukwa cha mwendo umodzi.

Zida zing'onozing'ono zinabwera pa basi ndi mayi wina wa geni, kudzera ku Beitbridge, Tete mpaka pachipata cha Dedza, zitakulungidwa m'bulangete. Chibokosi chokha ndinagula ku Lilongwe poti n'chachikulu.

Tsopano ndifike pa chomwe chandilembetsa kalatayi.

Ndili ndi mdzukulu wamkazi yemwe ali Fomu 3 ndipo amaphunzira Computer Studies. Mwana wanzeru, amakhoza bwino. Mukamufunsa kuti CPU n'chiyani amayankha mosadodoma, mu Chingerezi chosalala, monga analembera m'kope. Loweruka limenelo ndisanatsegule kalikonse ndinamuuza kuti andilozere CPU. Analoza chibokosi chonse. Sindikumunena, chifukwa ndi momwe tonse timatchulira, ngakhale ogulitsa amene. Nditamutsegulira kabokosi ka purosesa n'kumuuza kuti CPU ndi iyi, anakhala kaye chete. Kanthu ka masentimita anayi mbali zonse, kosaposa bokosi la machesi.

"Agogo, ndi kameneka?"

Anakatembenuza mosamala atagwira m'mbali. Kunsi kwake kuli timapini ta mtundu wa golide 1,331, toonda ngati ubweya wa chitedze, titandandalika m'mizere. Kamodzi kakapindika, ndalama ya mbuzi ziwiri yalowa m'madzi. Mwana yemwe waphunzira za chinthu chimenechi zaka zitatu anali asanachionepo ndi maso. Kusukulu kwawo makompyuta alipo owerengeka, amakhala ovundikiridwa ndi nsalu, ndipo mwana wogwira kuseri kwake amalandira chibalo.

Tinachotsa nsalu ya nayiloni patebulo, motherboard n'kuigoneka pamwamba pa katoni yake. Okutobala mpweya umakhala wouma, ndipo timagetsi tija timathetheka munthu akamavula juzi usiku timatha kupha zida zimenezi mosaonetsa bala. Choncho aliyense asanakhudze kanthu ankayamba wagwira chitsulo cha pawindo. Akunyumba ankationera patali n'kumati tayamba zizimba.

Purosesa ndinafuna kuika ndekha, koma manja anga anayamba kunjenjemera, magalasi n'kumatsetsereka ndi thukuta. Ndinamusiyira mwana. Pambali pa mpando wa purosesa pali kachitsulo kokhala ngati mkono. Anakakweza. Pa kona imodzi ya purosesa pali kachizindikiro ka makona atatu, ndipo pa mpando palinso kotero. Anayang'anitsa tiwirito, n'kuitsitsa pang'onopang'ono. Sanakanikize n'komwe. Inangolowa yokha, phee, ngati dzira m'chisa. Anatsitsa kamkono kaja, ndipo ndi pomwe ndinazindikira kuti nthawi yonseyi sindimapuma. Lamulo lake ndi limenelo: purosesa ikakana kulowa, mwaitembenuza molakwika, musalimbane nayo.

Fani yoziziritsa inabwera m'bokosi limodzi ndi purosesa. Kunsi kwake kunali kutapakidwa kale phala lotuwa, ndipo apa panatsala pang'ono kuchitika ngozi. Akunyumba, omwe tsopano anali atayandikira, anatenga kansanza nati, "Abambo, akugulitsani chakuda ichi, dikirani ndipukute." Ndinawagwira dzanja m'mwamba. Phala limenelo ndi lomwe limatseka timipata pakati pa purosesa ndi chitsulo cha fani kuti kutentha kudutse bwino. Popanda ilo purosesa imatentha msanga n'kuyamba kufooka kapena kudzithimitsa. Masikuluu anayi a faniyo tinamanga mopingasa, pang'ono uku pang'ono uko, monga amangira manati a teyala la galimoto.

RAM ndiye inali ndi khalidwe lina. Tinali ndi timitengo tiwiri ta 8GB, ndipo kabuku kanati tiike m'mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera ku purosesa kuti tizigwira ntchito mothandizana. Kali ndi kampata kosakhala pakati penipeni, kotero kamalowa mbali imodzi yokha. Koma pano mphamvu imafunika. Mwana anakankha mwaulemu, osalowa. Ndinakanikiza ndi zala ziwiri mpaka motherboard inachita ngati ikudandaula, kenako kha! Pa chinthu chimodzi chomwecho, china chimafuna dzanja la namwino, china la mmisiri wa matabwa.

SSD inali yaitali ngati chala changa cha mkombaphala, mamilimita 80 m'litali ndi 22 m'lifupi, koma imasunga zochuluka kuposa hadi, nkhokwe ya kompyuta yakale ija, yomwe inali yolemera ngati njerwa. Kasikuluu kake n'kochepa ngati njere ya mawere. Kanagwa pansi. Banja lonse tinagwada pa simenti, nkhuku tinazithamangitsa kuopa kuti zingatole, mpaka mwana anakatenga maginito a sipika ya wailesi yakufa n'kusesa nawo pansi pa tebulo. Kanapezeka katamata.

Zoika m'chibokosi sindichulutsa. Motherboard siigona pa chitsulo mwachindunji, imakhala pa timiyendo ta mkuwa kuti isachite shoti. Ndinaimanga yonse bwinobwino, kenako ndinapeza kuti kachitsulo kotchinga kumbuyo, komwe kumatulukira mabowo a USB, kali patebulo kakundiyang'ana. Kamayenera kulowa koyamba. Ndinamasula zonse, ndipo kachitsuloko kanandicheka chala pondithokoza. Timawaya ta batani loyatsira, tolembedwa timalemba tosaoneka ndi maso a munthu wa zaka zanga, anatilumikiza ndi mwana, ine nditamuunikira ndi tochi ya foni.

Pofika pa soketi tinapeza kuti chingwe cha ku South Africa chili ndi pulagi ya mano atatu obulungira, pomwe zathu kuno ndi za mano a makona. Mphamvu ya magetsi ndi imodzi, 230V, vuto ndi mano okha. Ndinatenga chingwe cha kompyuta yakufa ija, poti mbali yolowa m'bokosi ndi yofanana. Ndichenjezeko pano omwe ali ndi power supply zakale: zina zili ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Mwana akakasunthira pa 115 n'kuyatsa, mudzamva thi yemwe ndinamva ine.

Cha m'ma 4 koloko ndinadina batani. Magetsi a m'bokosi anayaka, fani ya kumbuyo inazungulira. Sikirini bii. Tinadikira. Bii. Ndinathimitsa, kuyatsanso, chimodzimodzi. Akunyumba anapumira m'mwamba nati, "Mbuzi zanga zija," n'kulowa kukhitchini. Ine mutu unaima. Ndinaimbira mphwanga, foni yake osayankhidwa, anali ku ntchito. Ndinayamba kuganiza za kapini kopindika, za mabampu a msewu wa ku Tete, za momwe ndidzayendere kutchalitchi anthu atamva kuti aphunzitsi awotcha ndalama.

Mwana sanayankhule. Anatenga kabuku ka motherboard, kaja ine ndinangokavundukula n'kukaponya pambali poti ndinali nditamva kale zonse kwa mphwanga, n'kuyamba kulondola chithunzi ndi chala, bowo ndi bowo, akuyerekeza ndi za m'bokosi. Patapita mphindi zingapo anati, "Agogo, apa pakona pali mabowo eyiti opanda kanthu." Kunali kuseri kwa fani, pamwamba. Ine ndinalumikiza waya wamkulu wa mapini 24 n'kuganiza kuti ndadyetsa nyumba yonse, osadziwa kuti purosesa ili ndi mbale yakeyake, waya wa mapini 8 wolembedwa CPU. Unali ukulendewera kumbuyo kwa bokosi. Tinazula pulagi pakhoma, anaulowetsa ndi tizala take poti zanga sizikanakwana, tinayatsa.

Sikirini inaphethira, kenako panatuluka malemba. Dzina la purosesa yathu, RAM 16GB, kutentha kwake, liwiro la fani, zonse zikuoneka. Akunyumba anatulukira ndi mthiko m'manja akuimba nthungululu, anthu oyandikana nafe mpaka anabwera kudzafunsa ngati kwabadwa mwana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limenelo wodekha sanali mphunzitsi wopuma uja.

Za mapulogalamu ndinene mwachidule. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna chida chotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yosakalamba kwambiri, zomwe makompyuta ambiri a kaunjika alibe. Yathuyi ikhoza kulandira Windows 11, koma layisensi ndi ndalama inanso, ndipo zokopera za pamsika zija ndinazilawa kale ndi mavairasi ake. Tinaikamo Linux Mint, yomwe ndi yaulere. Tinaikopera pa intaneti usiku, pafupifupi 3GB, n'kuiika pa fulashi. Kutayipa ndimagwiritsa ntchito LibreOffice. Sindinama, nthawi zina kalata yobwera kuchokera ku Word imasuntha mizere ndipo ndimayenera kuikonza, makamaka makadi a ukwati okhala ndi maluwa ambiri. Ndazolowera. Ndinagulanso UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, ndipo ndikupempha aliyense womanga kompyuta m'dziko muno kuti ayiwerengere pamodzi ndi zida zina kuyambira pachiyambi. Siyogwirira ntchito magetsi akathima, imangokupatsani mphindi zochepa zosungira kalata n'kuthimitsa mwaulemu. Ndipo ngati pali poti muumirepo ndalama, pasakhale pa power supply. Yanga ndi ya 450W, yokwana ndi kutsala poti purosesayo ndi ya 65W, koma ndinakana zija zopepuka ngati chitini chopanda kanthu.

Akonzi, m'sukulu zambiri za sekondale muli makompyuta akufa. Ndikudziwa chifukwa anzanga omwe akadali pa ntchito amandiuza, ndipo ena ndawaona ndekha: aunjikidwa m'sitolo pamodzi ndi madesiki othyoka, akudya fumbi, makoswe akumangamo. Sadzaukanso. Nanga n'chifukwa chiyani ana sangawatsegule? Mwana agwire RAM ndi dzanja, aizule, aibwezere, amve kulira kwa kha kuja. Aone kuti CPU si bokosi. Pa makompyuta asanu akufa, kawirikawiri sikuti onse anafa chiwalo chimodzimodzi, ndipo kalasi ya ana ofuna kudziwa ikhoza kuutsapo imodzi kapena awiri.

Ndikudziwa zomwe aphunzitsi aakulu ayankhe, poti nanenso ndinasungapo makiyi a sitolo. Katundu wa sukulu analembedwa m'buku, ndipo owerengera katundu akabwera amafuna kumupeza momwe analili. Ana ena ali ndi manja aatali, RAM imakwana m'thumba la yunifolomu. Zonsezo ndi zoona. Koma buku lomwelo likhoza kulembedwa kuti makompyuta awa ndi ophunzirira kumasula, zida n'kumawerengedwa pamapeto pa phunziro monga timawerengera makasu a kumunda wa sukulu. Za ngozi, malamulo ake ndi ochepa: pulagi izulidwe pakhoma, power supply yeniyeniyo isatsegulidwe chifukwa imasunga magetsi ngakhale itazulidwa, ndipo masikirini akale a chimimba aja asakhudzidwe m'kati. Zotsalazo sizingaphe mwana, kupatula kumucheka chala ngati ine.

Anyamata okonza mafoni m'misika yathu sanaphunzire polemba manotsi. Anatsegula, anaononga, anatsegulanso. Chonsecho mwana wa Fomu 4 yemwe wakhoza Computer Studies pa MSCE amapita kukagula kompyuta n'kuuzidwa kuti "iyi ndi i7, bwana," iye n'kulipira mokondwa, osadziwa kuti i7, dzina la mapurosesa ena a Intel, linayamba mu 2008 ndipo i7-2600 ndi ya mu 2011. Sabata yatha m'busa wina anabwera ndi laputopu yomwe amafuna kugula kwa munthu. Mdzukulu wanga anaiyatsa, anawerenga nambala ya purosesa, n'kunena mwaulemu kuti, "Abusa, imeneyi ndi yamsinkhu wanga." Mtengo unatsika tsiku lomwelo.

Ndinakaonana ndi mphunzitsi wake wa Computer Studies, mnyamata waulemu yemwe anandiuza mosabisa kuti nayenso ku koleji anatsegulapo kompyuta kamodzi kokha. Tagwirizana kuti kompyuta yanga yakufa ija ipite kusukulu, poti ndi yanga ndipo palibe buku lomwe inalembedwamo. Lolemba likubwerali ndiimangirira pakaliyala ndi mphira, mdzukulu azikankha njinga, ine ndizinyamula masikuludiraiva awiri ndi maginito a sipika aja.

Mphunzitsi wopuma,
Mponela, Dowa